Ndemanga pa Buku la Damu

Zaka khumi ndi chimodzi ndakhala ndikukangana ndi mayi uja, ndipo mpaka lero ndikunenetsa kuti pa nkhani ya damu analakwitsa. Ndayambira pamenepa dala, chifukwa masiku ano anthu akandiona amandipatsa moni ndi manja awiri ngati munthu wotembenuka mtima. Sindinatembenuke. Damu lija linali lofunika, ndipo ine ndinali mmodzi mwa anthu amene analemba lipoti lolimbikitsa boma kuti lilimange.

Tonse awiri tinkaphunzitsa za chitukuko pa yunivesite ya boma, ndipo maofesi athu anali ogundizana. Pakati pathu panali khoma la mabolodi, lopyapyala moti iye akayetsemula ine ndinkati pepani. Ophunzira ankamutchula kuti Mayi Mafunso, chifukwa sankalola munthu kumaliza chiganizo asanamufunse kuti, “Wakuuza ndani?” Ine ankanditchula Chofiira, kaamba ka bolopeni yanga. Anawa amayesa sitidziwa. Mayiyu ndinamuphunzitsa ndekha m'chaka chake choyamba, ndipo ngakhale nthawi imeneyo anali wamakani ngati nkhuku yofungatira.

Damu litamangidwa, iye anapita kumidzi kumene boma linasamutsira anthu, nafunsa mabanja mazana atatu mmene moyo ukuyendera. Anabwerako ndi buku. Mwachidule, bukulo linkati anthu aja anawataya pamiyala, ndipo madzi a damu amangodutsa m'mapaipi pambali pa nyumba zawo kupita kutauni. Ankaliphunzitsa kwa ana a chaka chachitatu, mutu umodzi sabata iliyonse. Wina anajambula phunziro lake pafoni, mawu ake anafika m'nyuzipepala, ndipo tinamva mphekesera kuti a nduna akwiya. Ine ndinangoti a nduna amakwiya chaka chilichonse, mvula ikagwa ndi ikapanda kugwa yomwe.

Kuti mumvetse uchitsiru umene ndinachita, muyenera kudziwa mmene timagwirira ntchito. Kwathu kuno mnzako akalemba kanthu, ulemu waukulu ndi kukawerenga bolopeni ili m'manja. Umafufuza paliponse pamene paterera, n'kumuonetsa. Pepala lako likabwerera loyera, lopanda ngakhale kadontho, dziwa kuti mnzakoyo wakunyoza, sanakuwerenge. Wakutsina khutu ndi mnansi. Mayi Mafunso ankatsina makutu anga mpaka kutupa, inenso ndinkabwezera, kenako tinkamwera limodzi tiyi wa m'ketulo imodzi yomwe inkatenga theka la ola kuti iwire.

Lachiwiri lina m'mawa ndinamva kugogoda. Anali a Kalembera, mkulu woona za makalata ndi malamulo a yunivesite, atakwera okha masitepe athu. Pa zaka makumi atatu zimene ndagwira ntchito, sindinaonepo Kalembera akupita kwa mphunzitsi. Mphunzitsi ndiye amaitanidwa, n'kudikira pabenchi.

“A Pulofesa, tabwera kudzapempha nzeru,” anatero akupukuta mpando ndi kansalu asanakhale. Anaika buku la damu patebulo langa. “Komiti yoona za ubwino wa maphunziro ikufuna ndemanga ya katswiri pa bukuli. Tinayang'ana yunivesite yonse, tapeza kuti katswiri ndi mmodzi yekha.”

“Mwinitu wake ali kuseri kwa khomali,” ndinatero.

“N'chifukwa chake ndikulankhula motsitsa mawu. Musabise kanthu, a Pulofesa. Lembani mmene mumalembera.”

Ndinakondwa, sindinama. Munthu ukakalamba pantchito, anthu amayamba kukulonjera ngati chipilala cha pakhonde, ndiye wina akati ndiwe katswiri mmodzi yekha, mtima umavina. Sindinafunse kuti komitiyo inakhazikitsidwa liti, kapena kuti yaunikapo mabuku angati. Safunsa anadya phula.

Ndinagwira ntchitoyo masiku anayi, ndipo ndinaigwira bwino. Ndinaonetsa kuti mafunso onse anawafunsa m'miyezi ya njala, pamene munthu aliyense, wosamutsidwa ndi wosasamutsidwa yemwe, amadandaula. Ndinaonetsa kuti anacheza ndi amayi pachitsime, koma amuna amene anapeza ntchito padamu sanawapeze chifukwa anali kuntchito. Pa tsamba 62 ndinapeza tebulo limene manambala ake sankagwirizana, ndipo ndinasangalala nalo ngati mlenje. Mutu wachisanu, wonena za manda amene anamira, ndinautcha kuti maliro osati kafukufuku.

Loweruka masana ndinkamalizitsa patebulo lodyera kunyumba, ndikudziwerengera mokweza ziganizo zimene zinandikomera. Akazi anga, amene anagwira unamwino zaka zambiri ndipo sakhulupirira munthu womwetulira kwambiri, anaima kumbuyo kwanga.

“Abambo, mukuseka nokha. Mukupha ndani?”

“Sindikupha munthu. Ndi ndemanga ya buku.”

“Wapempha ndani? Mwini buku?”

“A Kalembera.”

“Ndipo mwini buku akudziwa?”

“Adziwa akaiwerenga. Ayankha, ine ndiyankhanso. Ndi mmene timachitira.”

“Ndi mmene mumachitira inu awiri,” anatero. “A Kalembera nawo amachita choncho? Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Sunthani mapepalawo ndiyale nsalu.”

Ndinasuntha mapepala, koma mawu awo sindinawasunthire m'mutu. Lolemba ndinapereka masamba khumi ndi asanu ndi anayi, dzina langa lili pansi.

Patatha masabata awiri, Mayi Mafunso analowa mu ofesi yanga osagogoda. Anaika kalata patebulo, naisalaza ndi dzanja, naima. Inali yomuimitsa ntchito. Inkati pakhala bwalo lomuzenga mlandu wophunzitsa ana zinthu zosafika pa muyezo wa yunivesite, ndipo akapezeka wolakwa achotsedwa. Za a nduna munalibe. Za nyuzipepala munalibe. Munali ndime zitatu za umboni wa katswiri amene sanamutchule dzina.

“Sanakutchuleni,” anatero, “koma pano pali munthu mmodzi yekha amene amayamba chiganizo ndi mawu akuti ‘n'zomvetsa chisoni kuti’. Mwakhala mukundilembera mawu amenewa kuyambira ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi.”

“A Dokotala, khalani pansi.”

“Sindikhala.”

“Anandiuza kuti ndi ndemanga. Ndinkayesa akupatsani kuti muyankhe.”

“Ndikudziwa. Chimene chikundiwawa n'chimenecho. Mukanakhala munthu woipa ndikanakutukwanani n'kupepukidwa. Koma ndinu munthu wanzeru amene mwapusa.” Anatenga kalata yake. “Ankasowa chondichotsera, a Pulofesa. Akanati ndanyoza boma, aphunzitsi onse akanaima nane. Tsopano akuti sindidziwa ntchito, ndipo wanena ndi mphunzitsi wanga.”

Atafika pakhomo anatembenuka.

“Tebulo la pa tsamba 62 ndinalakwitsadi. Zikomo.”

Ndinachita manyazi amene sindinachitepo chibadwire. Kenako manyaziwo anasanduka ukali. Anditenga ine, ndi imvi zangazi, n'kundisandutsa chikwanje chodulira mnzanga. Ndinatsika masitepe kupita kwa a Kalembera, ndipo ulendo uno ndinadikira pabenchi ola lathunthu. Atandilowetsa ndinati ndikufuna ndemanga yanga ibwerere.

“Munalembamo bodza?” anafunsa.

“Ayi.”

“Ndiye tibweze chiyani? Madzi akatayika saoleka, a Pulofesa. Koma ngati mukufuna kulankhula pabwalo, lamulo limalola mboni mphindi khumi.”

Ankayesa ndikana. Ndinati andilembe.

Bwalolo linali ndi anthu atatu, ndipo mayina awo anakhomedwa pabolodi. Wapampando anali wachiwiri kwa mkulu wa yunivesite, amene tonse timangoti a Wachiwiri. Enawo anali mkulu wa dipatimenti ya zamalamulo ndi mkulu wa dipatimenti ya zaulimi. Onse atatu ndi anthu ophunzira, ndipo munthu wophunzira amakhala kuti analembapo kanthu. Ndinapita kulaibulale. Mabuku a damu anali atachotsedwa kale pashelefu, koma zolemba za akuluakulu atatuwa zinalipo, zili ndi fumbi la zaka. Woyang'anira laibulale anachita kuziphumphuntha asanandipatse.

“Izi sanabwerekepo munthu chiziikireni,” anatero. “Kwagwanji?”

“Ndikufuna kuwachitira ulemu,” ndinayankha.

Ndinagula mabolopeni ofiira anayi. Sabata yonse ndinawerenga, ndipo ndinapeza zambiri kuposa zimene ndinkayembekezera. Nditamaliza atatuwo, ndinatsitsa lipoti langa la damu, limene ndinali ndisanalitsegule zaka zisanu ndi ziwiri. Ndinaliwerenga ngati walemba ndi mdani. Limenelo ndilo linandipweteka msana.

Bwalo linakhala Lachisanu m'mawa, m'chipinda cha misonkhano chokhala ndi tebulo lalitali ndi makina oziziritsa mpweya amene ankangolira osaziziritsa. Mayi Mafunso anakhala kumapeto yekha, chikwama chili pamiyendo. A Kalembera anawerenga ndime zanga zija mokweza, mokoma, ngati akuwerenga m'tchalitchi. Kenako a Wachiwiri anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

“A Pulofesa, mukutsimikiza kuti mawuwa ndi anu?”

“Ndi anga, ndipo sindichotsapo ngakhale limodzi. Bukuli lili ndi zolakwika. Damu linali lofunika.”

A Kalembera analemba mwachangu, nkhope ili ngwee.

“Zikomo kwambiri. Ndiye tingathe…”

“Mphindi zanga zatsala zisanu ndi zinayi, a Wachiwiri.” Ndinatsegula chikwama n'kutulutsa mafayilo anayi. “Ndamva kuti masiku ano munthu akalakwitsa m'buku amachotsedwa ntchito. Lamuloli ndi latsopano, koma ndalikonda, ndiye ndabwera kudzathandiza. Tiyambe ndi akuluakulu. A Wachiwiri, kafukufuku amene munatengera udokotala wanu akunena za alimi a dziko lonse. Munafunsa alimi makumi awiri ndi asanu, onse a m'mbali mwa msewu wa tara. Zili pa tsamba 14, munalemba nokha.”

“Ife sitili pamlandu pano.”

“Bambo a zamalamulo, m'nkhani yanu yotchuka ija munatsamira pa chigamulo chimene khoti lalikulu linali litachiphwasula kale chaka chimodzi m'mbuyomo. Bambo a zaulimi, mbewu yanu munaiyesa nyengo imodzi, ya mvula yabwino, n'kulemba kuti imapirira chilala.”

A zamalamulo anayamba kufufuza kanthu m'matumba a jekete.

“A Kalembera ndawasiya,” ndinatero, “chifukwa ndafufuza laibulale yonse, sanalembepo kanthu. Iwo okha ndiwo oyera pano.”

Wina anatsokomola. Ndikuganiza kuti anali mlembi wa bwalo, ndipo sichinali chifuwa.

“A Pulofesa, mukunyoza bwalo,” anatero a Wachiwiri.

“Ndikulilemekeza. Ndine munthu woyamba kukuwerengani. Koma dikirani, fayilo yonenepa kwambiri ndi iyi.” Ndinaiika pakati pa tebulo. “Lipoti langa la damu. Ndinalemba kuti malo osamukirako ndi achonde. Sindinapondeko. Ndinaona pamapu, ndili mu ofesi, ndikumwa tiyi. Mayi uyu anapitako, anagona kumeneko, anafunsa anthu m'miyezi yolakwika. Ine sindinafunse munthu mwezi uliwonse. Ndiye ngati kulakwitsa kumachotsetsa ntchito, yambani ndi ine, kenako inu atatu, ndipo pofika madzulo pano patsale alonda ndi a Kalembera.”



“Ntchito yathu ndi kulakwitsa poyera, anzathu akutiona, kuti atikonze,” ndinapitiriza. “Ine ndi mayi uyu sitigwirizana. Ana athu amamva iye Lolemba, amamva ine Lachitatu, n'kupita kukagona mitu ikuwawa. Ndi chimene makolo awo anawatumizira kuno. Mukamuchotsa, ine nditsala ndikulankhula ndekha, ndipo munthu wolankhula yekha mukudziwa dzina lake. Ndemanga ija ndinalembera iye, kuti ayankhe. Sindinalembere a nduna.”

“Dzina la a nduna silinatchulidwe pano,” anatero a Kalembera.

“Ndalitchula ine. Lembani.”

Sanalembe. A Wachiwiri anati mphindi zanga zatha, ndipo mafayilo anga sangalowe m'zolemba za bwalo chifukwa sakukhudza mlandu. Ndinawasiya patebulo pomwepo. Potuluka ndinaona a zaulimi akukokera yawo pang'onopang'ono, ngati mwana woba shuga.

Ndinatuluka ndikudzimva kuti ndamenya nkhondo. Ndinayesadi kuti zatheka. Chigamulo chinatuluka tsiku lomwelo nthawi ya 3 koloko, ndipo aliyense woona kutalika kwake akanadziwa kuti chinatayipidwa bwalo lisanakhale. Mayi Mafunso anachotsedwa ntchito. Buku lake linaletsedwa m'makalasi onse. Ndime yomaliza inkati kalasi yake ya chaka chachitatu aitenge katswiri wodziwa bwino nkhaniyi, ndiye kuti ine, ndipo ndigwiritse ntchito zolemba zimene komiti idzavomereze.

Ndinamupeza mu ofesi yake akulongedza mabuku m'makatoni. Mlonda anaima pakhomo kudikira makiyi, maso ali pansi.

“Munalankhula bwino,” anatero osandiyang'ana.

“Sizinathandize.”

“Ayi, sizinathandize. Ndili ndi ana awiri ndi amayi odwala, a Pulofesa, ndipo palibe yunivesite ya boma imene indilembenso ntchito. Musayembekeze kuti ndinene kuti palibe kanthu.”

“Sindikuyembekeza.”

“Chabwino.” Anamanga katoni ndi chingwe, nalimbitsa mfundo ndi mano. “Kalasi ija muikana?”

“Ndiikana. Sindingadye pa maliro anu.”

“Mukaikana aipereka kwa wina wowerenga zimene wapatsidwa. Muzipusa kamodzi, osati kawiri.” Apa ndiye anandiyang'ana. “Anawo tinalekezera pa mutu wachinayi. Lolemba amayenera kuyamba wachisanu.”

“Wa manda uja? Umenewo ndiwo woipa kuposa yonse.”

“Mukawauze zimenezo,” anatero. “Koma ayambe auwerenga.”

Ndinamunyamulira makatoni awiri mpaka pageti. Sanandithokoze, ndipo anachita bwino.

Lolemba m'mawa akazi anga anandisitira malaya oyera, nandikonza kolala ngati ndikupita kukafunsira mbeta.

“Kubwerako mubwera ndi kalata,” anatero.

“Mwina.”

“Osati mwina. Pitani. Mudyeretu, anthu ochotsedwa ntchito sapatsidwa tiyi.”

Kalasi inali yodzaza, ana makumi asanu ndi atatu, ena atakhala pamasitepe. Kumbuyo kwenikweni kunakhala bambo wina wa jekete labuluu, wamkulu msinkhu kuposa wophunzira aliyense, ali ndi kope latsopano. Zolemba za komiti zinali zitaikidwa kale patebulo, masamba asanu ndi limodzi okhala ndi chidindo. Ndinazisunthira pambali n'kuikapo mulu wa mapepala amene ndinachulukitsa m'tauni Loweruka.

“Aphunzitsi anu achotsedwa ntchito,” ndinayamba. “Chikwanje chimene anawadulira ndinanola ndine, mosadziwa, koma ndine. Zimenezo ndizisenza ndekha. Uwu ndi mutu wachisanu wa buku lawo. Komiti yaletsa. Ine ndikuti ndi wolakwika. Inu simunganene kanthu chifukwa simunauwerenge. Gawanani. Bambo a kumbuyoko nawonso apatseni, asalembe zakumva.”

Bambo uja anatuluka foni ili kukhutu. Ana anawerenga mphindi makumi awiri, m'kalasi muli chete, kumangomveka mapepala. Kenako ndinayamba kuwaonetsa pamene mutuwo unafooka. Ndinati wolemba analola misozi kulowa m'kafukufuku. Ndinati manda ndi nkhani yachisoni, inde, koma mzinda wa anthu miyandamiyanda sungafe ludzu chifukwa cha anthu amene anafa kale, ndipo boma linapereka malo atsopano oikako maliro.

Ndili pakati, chitseko chinatseguka. Analowa a Kalembera ndi alonda awiri, envulopu ili m'manja.

“A Pulofesa, tikupempha mutuluke nafe.”

“Ola langa silinathe.”

“Kalatayi ikunena kuti latha.”

Nthawi yomweyo ndinaona dzanja litakwezedwa pamzere wachitatu. Anali mayi wina wophunzira mochedwa, wamkulu kuposa anzake, amene ndinali ndisanamvepo mawu ake. Sankayang'ana alonda. Ankayang'ana ine.

“Aphunzitsi, mukulakwitsa,” anatero. “Bambo anga ali pansi pa madzi amenewo. Malo atsopano mukunenawo ndi thanthwe, khasu sililowa. Mng'ono wanga tinakamuika kumudzi kwa eni, mochita kupempha.”

Alonda anaima pamene anali. Mmodzi anavula chipewa. A Kalembera anatambasula envulopu ija kuti ndilandire, koma manja anga ndinawaika kumbuyo.

“A Kalembera, dikirani panja kapena pezani pokhala,” ndinatero. “Pali munthu akunditsutsa.” Ndinatembenukira kwa mayi uja. “Imirirani, mayi, kuti akumbuyo amve. Yambirani poyamba, ndipo musandimvere chisoni.”